Mnzako wa m'njira: kuwerenganso Sikusinja ndi Gwenembe ku minda ya tiyi ya ku Honde

Buku la John Gwengwe lakuti Sikusinja ndi Gwenembe lalera mibadwo ya ana a sukulu m'Malawi. Nkhani yake njodziwika: anyamata awiri apachibale apita kutali kukagwira ntchito, Sikusinja asunga zimene wapeza, Gwenembe amwaza zake, ndipo pobwerera Gwenembe apha mbale wake m'njira kuti alande katundu. Mbalame yoimba ndiyo iulula chinsinsi. Ambiri timatolamo phunziro la nsanje ndi ulesi, n'kulekera pomwepo. Komatu bukuli likunenanso za ulendo weniweniwo, ndipo apa m'pamene liyenera kufunsidwa mafunso.

M'nkhaniyi njira ndi malo a imfa. Choopsa chichokera kwa amene ukuyenda naye, ndipo chilungamo chidikira kumudzi. Amenewa ndi maso a otsala pakhomo, amene amayesa wapaulendo ndi mtolo umene wabwera nawo. Gwengwe anaona bwino kuti ndalama za kuntchito zimatha kudula chibale chimene makolo ankati ndi fupa losaola. Apa sitingamutsutse. Koma theka lina la nkhani analisiya.

Amuna a ku Nyasaland amene ankapita ku Southern Rhodesia ankayenda wapansi masabata angapo, kudzera ku Tete ndi kuoloka Zambezi. Ena ankakwera malole a boma otchedwa Ulere, ena ankalembedwa ndi Mthandizi. Sankayenda mmodzimmodzi. Mchewa, Myao, Mlomwe ndi Msena ankakumana pa doko, n'kuphatikiza ufa, n'kusinthana kusonkhezera moto usiku. Pofika kumene akupita, munthu amene sunkamudziwa dzana unali utayamba kumutchula kuti achimwene. Kwa iwo mwambi wakuti kuyenda awiri si mantha unali lamulo la moyo.

Ena mwa anthu otere anathera ku minda ya tiyi ya kum'mawa kwa Zimbabwe: ku Chipinge, kumene tiyi wa Tanganda anayambira m'zaka za m'ma 1920, ndi ku chigwa cha Honde, kumene kuli minda ngati Aberfoyle ndi Katiyo. Pa komboni, mnzako wa m'njira ndiye ankakulankhulira kwa kapitawo, kukuimira ngati nkhoswe pa ukwati, ndi kukukumbira manda. M'mafamu ndi m'migodi ya dzikolo, mabungwe othandizana pa maliro, gule wamkulu ndi beni zinamera pa ubale womwewu. Ubale wotere mulibe mu Sikusinja ndi Gwenembe.

Azungu ali ndi zolemba zambiri za achinyamata oyenda ndi chikwama kumsana m'mizinda ngati Prague ndi Amsterdam, makamaka chiyambire tikiti ya sitima ya Interrail mu 1972. Amakumana m'nyumba zogona alendo, amadyera limodzi masiku atatu, n'kusiyana. Ubwenzi wawo ngwopepuka chifukwa aliyense ali ndi pasipoti ndi kwawo kobwerera. Ngakhale zili choncho, olembawo amamuwerengera mlendo mnzawo ngati munthu woyenera tsamba lake m'buku. Ife amene agogo athu anapulumuka chifukwa cha anthu osawadziwa, tsamba limenelo sitinalembe mokwanira m'chinenero chathu. Legson Kayira, amene ananyamuka wapansi mu 1958 n'kudutsa Kampala ndi Khartoum pofuna sukulu ku America, anawakumbukira omuthandiza m'njira m'buku lake I Will Try la 1965. Koma analemba m'Chingerezi, ndipo ulendo wake unathera ku koleji, osati m'mizere ya tiyi.

Nkhaniyi siithera m'mabuku. Amene sanabwerere tinawapatsa dzina lakuti matchona, ngati kuti anatayika, chonsecho anamanga mudzi wina ndi anthu amene anawapeza m'njira. Mu 2001 Zimbabwe inakhwimitsa lamulo la unzika, ndipo ana ndi adzukulu ambiri a anthuwa anapezeka akutchedwa alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a 2013 anatsegula khomo kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, koma chitupa pachokha sichifotokozera mwana kuti iye ndani.

Mwana wa ku Mandeya amene agogo ake anachokera ku Mulanje akawerenga Gwengwe, aphunzira kuopa woyenda naye ndi kulemekeza wobwerera kumudzi. Agogo akewo sanabwerere, ndipo amene anawaika m'manda sanali a mtundu wawo. Buku la Gwengwe lipitirize kuwerengedwa, pakuti ndi laluso ndipo zimene linaona n'zoona. Koma pambali pake pakusoweka lina, lonena za munthu amene anagawira mlendo nsima pa gombe la Zambezi n'kukhala mbale wake mpaka imfa. Amene angalilembe bwino ndi adzukulu a pa komboni, okalamba amene akukumbukira njirayo akadali moyo.