Asafu Sanathamangire ku Kanani

Makwaya a m'matchalitchi a ku Kafue, kuyambira ku Shikoswe mpaka ku Zambia Compound, amaikonda nkhani ya Aisraeli m'chipululu. Vuto ndi lakuti ambiri amaipeka mofanana: ndime yoyamba Farao, yachiwiri nyanja yagawanika, kolasi ndiye Kanani, ng'oma n'kumalira, amayi nthungululu. Zaka 40 za ludzu ndi kung'ung'udza amazilumpha. Nyimboyo imavinika ndithu, koma munthu akatuluka m'tchalitchi sichimutsalira kanthu.

Wopeka nyimbo aliyense akanayamba wakhala pansi ndi Salimo 78 la Asafu. Lili ndi mavesi 72, ndipo loliposa kutalika ndi Salimo 119 lokha. Luso lake lagona m'kasanjidwe. Asafu satsata mbiri momwe inachitikira. Ejipito amangomukhudza pang'ono koyambirira, kenako n'kukhazikika m'chipululu: madzi otuluka m'thanthwe, mana, nyama yogwa pakati pa misasa, anthu n'kumakayikabe chakudya chili m'kamwa. Nyimbo itapitirira theka, womvera ataiwala kale za Farao, m'pamene Asafu amabwerera m'mbuyo kukatchula miliri, mitsinje yosanduka magazi, achule, matalala. Apa womvera amadzizindikira kuti nayenso anali ataiwala, mlandu womwewo umene amawaseka nawo makolo aja. Nyimbo yamukola popanda kumulalatira.

Taonaninso kubwereza kwake. Mulungu apereka, anthu akayika, chilango chigwa, alapa ndi pakamwa pokha, Mulungu awakhululukira, n'kuyambanso. Kayimbidwe kathu ka woyambitsa ndi ovomereza kanapangidwira zotere. Woyambitsa atanyamula ntchito za Mulungu, mpingo n'kumavomera ndi madandaulo a Aisraeli, aliyense akanalawa kusakhulupirira ndi lilime lake. Koma ife timaupatsa mpingo mawu okoma okhaokha, oipawo n'kusiyira "anthu akale ouma mitu".

Kodi anali ouma mitu chabe? Numeri 11 akuti analira atakumbukira nsomba za ku Ejipito, nkhaka ndi anyezi. Munthu wa m'tauni ino ya m'mbali mwa mtsinje, amene anazolowera nsomba yowamba pa nsima, sangawaseke. Ngakhalenso madala amene anagwirapo ntchito ku Kafue Textiles makina akali kulira, malipiro akubwera mwezi ndi mwezi, amadziwa momwe dzulo limakomera lero likawawa. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madamu, mabanja ankagona mumdima pamene malo opangira magetsi a Kafue Gorge ali pafupi pomwepa. Amene anang'ung'udza chaka chimenecho sanali osapemphera.

Kukhulupirika kwa Mulungu sikumveka kulemera ngati nyimboyo yabisa anthu amene anawapirira. Inu aphunzitsi a makwaya, Loweruka likubwerali musanayambe kuphunzitsa kolasi ya Kanani, apatseni a bezi ndi a alto ndime imodzi yodandaula, ndipo musaifupikitse.