Tsamba Lodyedwa: Luso la Maria Sibylla Merian

Akatswiri ojambula maluwa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600 ankakonda duwa lopanda chilema, lothyoledwa ndi kuikidwa mumtsuko. Maria Sibylla Merian, yemwe adabadwira ku Frankfurt mu 1647, adaphunzira lusoli kwa bambo wake womupeza, Jacob Marrel. Koma m'zithunzi zake tsamba limaoneka lodyedwa, lobookabooka, ndipo mbozi imene yalidya ili pomwepo.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya ntchito yake. M'buku lake lonena za mbozi, lomwe gawo loyamba lidatuluka ku Nuremberg mu 1679, zithunzi 50 zozokotedwa pamkuwa zimasonkhanitsa dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe pachomera chenichenicho chimene kachilomboko kamadya. Zimene zimachitika m'masabata ambiri diso limaziona nthawi imodzi. Izi sakadazitha pongokopera tizilombo touma ta m'mabokosi. Ankaweta mbozi kunyumba kwake ndi kuziyang'anira mpaka zitasandulika. Bukulo adalilemba m'Chijeremani, osati m'Chilatini cha anthu ophunzira, chinthu chimene olimbikira zolemba m'zilankhulo zathu sangalephere kuchiona.

Mu 1699, ali ndi zaka 52, adachoka ku Amsterdam, komwe ankakhala tsopano, ndi mwana wake Dorothea Maria kupita ku Suriname, dziko la minda ya nzimbe lolamulidwa ndi Adatchi. Matenda adamubweza mu 1701. Buku la 1705, Metamorphosis Insectorum Surinamensium, lili ndi zithunzi 60, zambiri zozokotedwa ndi amisiri ena potsatira zojambula zake. N'lokongola kuposa loyambalo, koma limasautsa mtima. Pansi pa chithunzi cha duwa lotchedwa flos pavonis, Merian akufotokoza kuti amayi a mtundu wa komweko ankagwiritsa ntchito njere zake pochotsa pakati, kuti ana awo asabadwire muukapolo, ndipo akapolo ochokera ku Guinea ndi Angola ankakana kubereka ana akamazunzidwa. Akunena poyera kuti adamva kwa eni akewo. Anthu omwewo ndiwo ankamulambulira njira m'nkhalango, kumutolera tizilombo ndi kumuuza ntchito za zomera.

Komabe mayi amene sankalola kujambula mbozi popanda kusonyeza tsamba loidyetsa sadalembe dzina la mmodzi yense wa anthu amenewa. Mayina amene adawasunga m'bukumo ndi a zomera, a minda ndi a Azungu amene adamulandira kapena kumuonetsa zosungidwa zawo.