Buku la Lugard ndi Ufumu wa Sokoto

Buku la Lord Lugard lochedwa The Dual Mandate in British Tropical Africa, losindikizidwa m'caka ca 1922, liphunzitsa kuti Boma lizilamulira anthu kupyolera mwa mafumu ao. Ine ndiliyesa buku lanzeru, koma ndilitsutsa pa mau amodzi: cimene cinatheka ku Sokoto analiyesa lamulo loyenera mitundu yonse.

Ufumu wa Sokoto, kumpoto kwa Nigeria, unayamba ndi nkhondo ya Usman dan Fodio, mphunzitsi wa Cisilamu, m'caka ca 1804. Pansi pa iye ndi mwana wace Muhammad Bello panali mafumu ochedwa emir m'midzi yaikuru monga Kano ndi Zaria. Ufumuwo unali ndi alembi odziwa Ciarabu, oweruza otsata malamulo olembedwa, ndi okhometsa msonkho. Unalinso ndi akapolo ambirimbiri. Angelezi pogonjetsa Sokoto m'caka ca 1903 anapeza zonsezi zirimo kale, nangozigwiritsa nchito.

Lugard anadziwa kuti mitundu yina iribe mafumu akuru, koma anati Boma lipeze munthu womveka ndi kuika midzi pansi pace. Njira imeneyi inafika kuno ndi lamulo la 1929, dziko likali kuchedwa Northern Rhodesia. Atonga analibe mfumu yolamulira onse, tsono mabwalo a milandu anapatsidwa kwa amuna amene Boma lomwelo linawakweza. Mfumu yotere inaopa Bwana wa pa Boma koposa anthu ace.

Ku Sokoto mpando wa Sultan ulipo kufikira lero, pakuti eni dziko anaumanga okha Angelezi asanadze.