Mwadala Kapena Mwangozi? Funso Lomwe Latichedwetsa

M'makomo mwathu, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, muli mkangano wosatha: kodi kutsalira kwa madera athu pa maphunziro ndi m'maudindo a boma kudachitika mwadala kapena mwangozi? Ife tikuona kuti mayankho onse awiriwa ali ndi chilema.

Amene amati idali ngozi ya mbiri ali ndi mfundo. Pamene amishoni a Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875, sukulu idabwera pamodzi ndi tchalitchi. Boma la atsamunda lidasiya maphunziro m'manja mwa mamishoni, ndipo nthambi yake yoona za maphunziro idadzakhazikitsidwa mochedwa, mu 1926. Makolo athu ambiri, poopa kuti mwana akabwerako ndi dzina lina ndi chipembedzo china, adamusunga ku madrasa. Motero ukalaliki ndi maudindo ena zidapita kwa amene adadzera m'kalasi.

Komabe mawu oti "ngozi" amasambitsa olamulira m'manja mosavuta. Boma lodziwa kuti dera lina lilibe aphunzitsi okwanira, koma n'kumagawabe bajeti ngati silikudziwa, lachita kusankha. Cholakwika chodziwika chikalekereredwa zaka zambirimbiri, sitingachitchenso ngozi.

Nawonso amene amati zonsezi n'chiwembu akuphonya. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi, Msilamu wa ku Machinga, lidachotsa fizi ku pulayimale. Ana adadzaza mpaka pansi pa mitengo, koma aphunzitsi ndi mabuku zidapereŵera, ndipo kutsalira kuja sikudathe chabe chifukwa mnzathu adali pampando. Ganizo la chiwembu limabisanso mbali yathu: anyamata amene timawalola kusiya sukulu kuti akakoke chilimira, ndi atsikana amene timawakwatitsa msanga, pomwe kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amaletsa ukwati munthu asanakwane zaka 18. Choopsa koposa n'chakuti wokhulupirira chiwembu amataya mtima, osapitanso kukavota kapena kumsonkhano wa komiti ya sukulu.

Mtima wa wolamulira sitingauone, koma ntchito zake tingaziŵerenge. Chikhulupiriro chathu pa boma chikhazikike pamenepo. Phungu akadzabwera, timufunse kuti sukulu yathu ili ndi aphunzitsi angati, ana angati adasankhidwa kupita kusekondale, ndiponso ndalama za CDF zidamanga chiyani. Woyankha momveka timukhulupirire. Wozemba timukumbukire tsiku loponya voti.