Chifundo Sichifafaniza Mlandu

Makolo athu adatisiyira miyambi iŵiri imene imativutitsa maganizo ife akhristu. Wina umati mlandu suola. Wina umati chifundo chidaphetsa nkhwali. Yonse iŵiri ikutichenjeza kuti wokhululuka msanga amadziputira tsoka. Komatu Lamulungu lililonse timamva kuti Mulungu ndi wachifundo, ndipo kuti ifenso tizikhululukirana. Nanga tigwire ziti? Funso limeneli ndilo latibwezera ku kalata imene Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adalembera Mpingo wonse pa 30 Novembala 1980, yotchedwa Dives in Misericordia, ndiye kuti Mulungu wolemera chifundo.

Kalatayi ili ndi ndime 15, ndipo mtima wake uli pa fanizo la mwana woloŵerera, la pa Luka 15. Apapa akutiwonetsa kuti mnyamata uja, pobwerera kwao, adadziŵeruza yekha molungama: adaona kuti ayenera kulandiridwa ngati wantchito basi. Bambo wake sadakane kuti chuma chidamwazika. Chimene adakana n'chakuti umwana nawo udatha. Pa ndime 12 Apapa akupitiriza kuti chilungamo pachokha sichikwanira, pakuti kaŵirikaŵiri anthu amayamba ndi kufuna chilungamo, nkutsirizira ku chidani ndi kulipsira. Aliyense amene adaonapo mlandu wa malire a munda ukudanitsa abale mpaka kumanda, sangatsutse zimenezi.

Komabe sitingabise dandaulo lathu. Kalatayi idalembedwa m'chilankhulo cha anthu a maphunziro akuya, ndipo mau amene wolakwiridwa amafunitsitsa kumva adaikidwa kumapeto, pa ndime 14, mwachidule. Pamenepo mpamene Apapa akunena kuti kukhululuka sikuchotsa zimene chilungamo chikufuna, ndipo kuti wolakwa ayenera kukonza chimene adaononga ndi kubweza chimene adatenga. Woŵerenga wotopa safika pamenepo. Ifenso ansembe tili ndi mlandu, chifukwa nthaŵi zambiri timalalika theka lokoma, theka loŵaŵa nkulisiya.

Chimene cholembera sichidamveketse bwino, moyo wa mlembi udachimveketsa. Pa 13 Meyi 1981, isanathe miyezi 6 chilembere kalatayo, Mehmet Ali Ağca wa ku Turkey adaombera Apapa pa bwalo la Petro Woyera ku Roma. Patangopita masiku 4, ali gone m'chipatala cha Gemelli, Apapa adalengeza kuti amkhululukira, namutchula mbale. Koma bwalo la milandu la ku Italy lidazengabe mlanduwo, nkumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Pa 27 Disembala 1983 Apapa adakamchezera ku ndende ya Rebibbia, nakhala naye pansi nkucheza. Atatha kucheza, Apapa adatuluka, Ağca adatsala.

Mu Juni 2000, chaka cha Jubile, Pulezidenti Carlo Azeglio Ciampi adamkhululukira chilango chotsala, Apapa atavomereza. Ngakhale zinali choncho, Ağca sadapite kwao ngati mfulu. Adamtumiza ku ndende ya ku Turkey, kumene unkamdikira mlandu wa imfa ya mkonzi wa nyuzipepala, Abdi İpekçi, amene adaphedwa mu 1979. Adatuluka mu Januwale 2010. Apa pali phunziro lalikulu: Apapa adatha kukhululuka bala lao, koma magazi a İpekçi sadali ao kuti aŵakhululuke. Munthu amafafaniza ngongole imene wina ali nayo kwa iye. Ya mnzake alibe nayo mphamvu.

Tibwere nalo phunziroli kunyumba. Mwamuna wamwalira, achibale anyamula katundu yense, mwina ndi malata omwe, mai wamasiye ndi ana atsala pamtetete. Pakapita miyezi, ife a mumphakati timapita kwa maiyo nkumuuza kuti akhululuke, poti ndi mkhristu. Kwa olanda aja sitipitako, chifukwa timaopa kudana nawo. Kodi chimenechi tingachitche chifundo? Tamsenzetsa wolakwiridwa katundu kaŵiri, wolakwa tamsiya akugona pa mphasa ya ana amasiye. Chifundo chotere ndicho chija chidaphetsa nkhwali, ndipo Mpingo suphunzitsa chimenecho.

Tikumbukire Zakeyo, pa Luka 19. Ambuye adaloŵa m'nyumba mwake iye asanabweze kanthu. Chifundo ndicho chidayamba. Koma chitamgwira mtima, adalonjeza kupatsa amphaŵi theka la chuma chake ndi kubwezera kanai aliyense amene adamdyera. Ndi mmene zilili m'Sakramenti la Kulapa: wansembe amamasula machimo, koma mbuzi yakuba iyenera kubwerera m'khola la mwiniwake. Wolapa amene akana kubweza, pamene angathe, sadalape.

Kwa inu amene mudalakwiridwa, kalatayi ikunenanso mau ovuta. Muli ndi ufulu wonse wokadandaula kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena ku bwalo la milandu, ndipo kutero si tchimo. Chimene Mkhristu saloledwa ndi kufunira mnzake chiwonongeko, kapena kusiyira ana ake chidani ngati choloŵa. Mungathe kuitanitsa chuma chanu, uku mukupempherera amene adachilanda, monga Apapa adachezera wofuna kuŵapha osathyola chitseko cha ndende.

Tsono kalatayi tiiŵerenge yonse, mpaka ndime 14. Ndipo tisanapite kukauza wamasiye kuti akhululuke, tiyambe tagogoda pa khomo la amene akusunga malata ake.