Za Chombo Chinapita ku Pluto, ndi za Osunga Thumba

Tsiku lina la Sabata, titatuluka m'chalichi, mkulu wina wa mpingo anafunsa ife aphunzitsi kuti, Kodi nzoona kuti a ku America anataya ndalama zochuluka pokajambula dziko lopanda munthu, lopanda munda? Tinavomera kuti nzoona. Ndipo iye anapukusa mutu, nati, Kumeneko ndiko kukhuta. Mau achewo sanatichoke mumtima, tsono tifuna kuwayesa pano. Pakuti choonadi chilimo, koma muvi wache unalasa mtengo wina.

Nkhani yache ndi iyi. Pa 19 January 2006 chombo chopanda munthu, dzina lache New Horizons, chinanyamuka ku Florida. Chinayenda zaka zisanu ndi zinai ndi theka, ndipo pa 14 July 2015 chinapita pafupi ndi Pluto, kadziko kozungulira dzuwa kutalitali, kamene Clyde Tombaugh anayamba kukaona mu 1930. Sichinatere ai, chinangodutsa pa mtunda wa makilomita 12,500, chili kujambula. Mau ache pobwera kuno anali kutha maora anai ndi theka panjira, ndipo zithunzi zonse zinatha kufika mu October 2016. M'menemo munaoneka mapiri a madzi oundana, ena otalika mamita 3,500. Ndipo ife okhala patsinde pa Sapitwa, wa mamita 3,002, tidziwa kuti zimenezo si zulu za chiswe. Ntchito yonse inadya madola ngati 700 miliyoni.

Chimene mkulu uja sanamve ndi chakuti ulendowu unatsala pang'ono kufera m'dzira. Mu 2000 akulu a NASA analetsa ulendo wina wa ku Pluto chifukwa cha mtengo wache. Pambuyo pache boma la George W. Bush linasiya New Horizons kunja pogawa ndalama, kufikira anthu ophunzira anadandaula, ndi mai Barbara Mikulski wa m'nyumba ya malamulo anaumirira. Taonani tsono: chombo chinanyamuka Bush ali pampando, chinafika Barack Obama ali pampando. Wosunga thumba sakonda ntchito yotere, popeza adziwa kuti wodzaomberedwa m'manja ndi mnzache. Nthenda imeneyi si ya ku America kokha.

Kuno kwathu lamulo lokhazikitsa bungwe la boma loyang'anira sayansi linalembedwa mu 2003. Koma pamene chombo chija chinali kunyamuka, bungwelo linali likali papepala, losayamba ntchito. Sitinena kuti m'dziko muno mulibe ofufuza. Pa Mimosa pomwepa pali nyumba yofufuza za tiyi, yolipiridwa ndi eni minda ya tiyi, ndipo anthu ache apirira zaka zambiri poyesa mtundu umodzi wa mbeu asanaupereke kwa alimi. Eni tiyi salephera kudikira, chifukwa phindu adzalidya okha. Koma nanga kufufuza kumene phindu lache ndi moyo wa mai wolima nandolo patsinde pa phiri, alipira ndani?

Apa ndipo pali bala lathu. Mu March 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi, nizikwirira anthu ku Phalombe. Makolo athu anati, Wadutsa Napolo. Zitapita zaka 32, mu March 2023, namondwe Freddy anachita zomwezo ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Blantyre. Akufa m'dziko muno anaposa 600, ndi ena mazanamazana sanapezeke konse. Namondweyo sanadze mobisala. Anabadwira pafupi ndi Australia kumayambiriro a February, ndipo makina ozungulira dziko lino kumwamba, abale ache a chombo chija, anamuona tsiku ndi tsiku alinkuoloka nyanja; a zanyengo anachenjeza pa wailesi. Ndiye kuti nzeru imene mkulu wathu anaiyesa kukhuta ndiyo inatipatsa chenjezo lomwe tinali nalo.

Chimene makina akumwamba sangathe kunena ndi ichi: khwawa liti lidzagumuka, mudzi uti uthawe usiku uno, ndi kuthawira kuti. Nzeru imeneyo ipezeka ndi munthu woyesa mvula paphiri chaka ndi chaka, wodziwa dothi lache, wolemba m'buku ngakhale zaka zopanda tsoka. Ndipo munthu wotere ayenera kudya, iye ndi ana ache, zaka zonsezo. Ntchito yache ilibe tsiku lodula riboni. Ifenso tisadziyeretse, pakuti akadza ofuna mavoti, timapempha malata a chalichi ndi mipira ya anyamata, ndipo sitinamvepo mpingo ukufunsa za choyesera mvula.

Mkulu uja tinakomana nayenso pa msika wa Chitakale, ndipo tinamfotokozera zonsezi. Za Pluto sanasinthe mtima, ati ndalamazo zikadagula chimanga. Ndipo ife sitinamkakamize, pakuti njala aidziwa koposa ife. Koma anavomera chinthu chimodzi, kuti phungu wa ku nyumba ya malamulo akadzabwera ku msonkhano wa kwa mfumu, iye mwini adzaimirira ndi kufunsa kuti zoyesera mvula paphiri pathu zilipo zingati, aziwerenga ndani, ndipo malipiro a munthuyo achokera m'thumba liti.