Phiri la Thawr ndi Malire a Madina

Hadith yomwe ili mwa Bukhari ndi Muslim imaika malire a Haram ya Madina, malo opatulika, pakati pa mapiri awiri: Ayr ndi Thawr. Ayr sativuta, ali kummwera, kufupi ndi Dhul Hulayfa pomwe anthu a ku Madina amavalira ihram. Nkhani yagona pa Thawr.

Abu Ubayd al-Qasim ibn Sallam (anamwalira 224 AH), katswiri pa mawu ovuta a mu Hadith, adati anthu a ku Madina sadziwa phiri la dzina limeneli. Thawr wodziwika ndi wa ku Makka, wa phanga lomwe Mtumiki (SAW) ndi Abu Bakr adabisalamo pa Hijra. Choncho adaganiza kuti mawu oyenera ndi Uhud.

Ife tikuona kuti Imamuyu, Allah amuchitire chifundo, adafulumira. Kusamva dzina kwa anthu omwe adawafunsa si umboni woti phirilo kulibe, ndipo sikungakwanire kusintha liwu lomwe lidadza m'njira zodalirika. Ndi iko komwe, Aarabu ankatcha mapiri angapo dzina limodzi.

Apa mpomwe buku la al-Samhudi (anamwalira 911 AH), Wafa al-Wafa, limatigwira mtima. Iye adabadwira ku Egypt koma adakhazikika ku Madina, ndipo adasonkhanitsa mawu a odziwa derali: kuseri kwa Uhud, chakumpoto, kuli kaphiri kofiirira, kozungulira, komwe eni dera amakatcha Thawr. Kwa munthu amene ali mumzinda, Uhud amakabisa.

Wina angati n'kukangana pa mwala chabe. Ayi. Imam Malik, al-Shafi'i ndi Ahmad amaletsa kusaka nyama ndi kudula mitengo mu Haram ya Madina, pomwe Abu Hanifa sakuona choncho. Kwa Maimamu atatuwo, funso lakuti Haram ikuthera pati ndi funso la chilamulo. Ngati malire ndi Thawr, phiri lonse la Uhud lili mkati. Ngati ndi Uhud, lili m'mphepete.

Kummawa ndi kumadzulo mkangano ulibe mphamvu, chifukwa nthaka imadzionetsa yokha: Harra ziwiri, Waqim ndi al-Wabra, zipululu za miyala yakuda yochokera ku ziphalaphala zamoto. Akavalo sakadathamangamo, n'chifukwa chake m'chaka cha 5 AH Asilamu adakumba Khandaq kumpoto, komwe mzinda udali poyera.